Mthuthuthu ukafera m'njira muyambira pati?

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mawu amenewa amamveka bwino kwa yense amene adayendapo pa njinga yamoto m'tinjira ta ku Itepela mwezi wa Januwale, pamene dothi lofiira limakakamira ku matayala ngati nsima ya dzulo.

Tiyerekeze kuti ndi usiku, mayi wina wayamba kumva kupweteka kwa pakati, ndipo chipatala chili kutali. M'mudzi monsemo chodalira ndi njinga yamoto imodzi yokha. Mwini wake waponda kiki kamodzi, kawiri, kakhumi, koma injini ili chete. Nthawi zambiri chimene chaletsa ulendo wotere si chinthu chachikulu ayi. Mwina ndi pulagi yakuda ndi mwaye, kapena madzi odzadza supuni imodzi amene adalowa mu kabuleta. Nchifukwa chake lero tati tikambirane za matenda a njinga zimenezi ndi mankhwala ake.

Njinga ya misewu iwiri

Boma la Ngauma lili ndi zigawo ziwiri, Massangulo ndi Itepela. Msewu waukulu wa N13, umene umachokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Lichinga, mtunda wa makilomita pafupifupi 300, tsopano uli ndi phula. Nayo njanji yochoka ku Cuamba kupita ku Lichinga idatsegulidwanso mu 2016. Koma phula ndi njanji sizifika pakhomo pa aliyense. Mlimi wa fodya, wa chimanga kapena wa nandolo amayamba wayenda pa fumbi, pa miyala ndi pa mchenga asanauone msewu waukulu.

Apa mpamene pamafunika njinga yokhoza kuyenda pa phula ndi pathengo pomwe. Imadziwika ndi miyendo yake yaitali, tayala lakutsogolo lalikulu, matayala a ziphuthuziphuthu ndiponso madigadi wokwezeka kuti matope asatsekeremo. Kampani ya Yamaha ya ku Japan ndiyo idatchukitsa mtundu umenewu mu 1968 ndi njinga yotchedwa DT-1. Pambuyo pake padabwera DT125, Honda XL125 ndi XL185, komanso Yamaha AG100 ndi AG200 zimene adazipangira alimi a ziweto. Njinga zotere nzimene alangizi a zaulimi ndi azaumoyo akhala akuyendera m'midzi. Masiku ano m'misika mwadzaza njinga zotsika mtengo zochokera ku China, monga Lifo, ndipo ngakhale zambiri zidapangidwira misewu yabwino, ife timazigwiritsa ntchito yomweyo. Zimene tikambe pano zikukhudza zonsezi.

Injini ikakana kulira

Injini imafuna zinthu zitatu: petulo, mpweya ndi moto. Chimodzi chikasowa, ngakhale muponde kiki mpaka thukuta kamukamu, palibe chimene chichitike. Tsono musathamangire kumasula injini. Yambani ndi zapafupi.

Onani ngati kampopi ka petulo kali kotsegula, ndipo ngati petulo wachepa mukatembenuzire pa RES. Onaninso kabatani kozimitsira injini kamene kali pa handulo, pakuti ana amakonda kukaseweretsa. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene kuno kumapiri kumazizira kwambiri, kokani choko polizira injini, koma muibwezere ikangotentha. Kuyenda ndi choko chokoka kumamwa petulo ndipo kumadetsa pulagi.

Zikakanika, masulani pulagi. Ibwezereni m'chipewa chake, mugunditse thupi lake ku chitsulo cha injini, kutali ndi petulo, kenaka mupondeko kiki. Pakaoneka kamoto kobiriwira, ndiye kuti magetsi ali bwino. Pakapanda kuoneka kanthu, yesani pulagi ina.

Pulagi imanena zoona za m'kati mwa injini. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zonse zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Ikakhala yonyowa ndi oilo, injini ikudya oilo. Ikakhala yoyera mbee, injini ikutentha mopitirira muyezo chifukwa petulo akuchepa, ndipo pamenepo pisitoni ikhoza kuwonongeka. Kampata ka kunsonga kwa pulagi pa njinga zambiri zazing'ono kamakhala mamilimita 0.6 mpaka 0.7.

Petulo wa m'mabotolo

Kunena zoona, ambiri a ife kuno sitigula petulo pa pampu. Timagula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Ogulitsa ambiri ndi anthu okhulupirika, koma petulo amene wadutsa m'zigubu zingapo amatola fumbi, dzimbiri ndi madzi.

Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi. Musanathire, kwezani botolo kudzuwa muone ngati pansi pali timadontho tosiyana ndi petulo. Posefa gwiritsani ntchito kansalu koyera, koma dziwani kuti nsalu imagwira zinyalala zokha, madzi amadutsa. Nkwabwino kusiya kotsalira ka pansi m'botolo momwemo.

Njinga imene yamwa madzi imatsokomola, imadukiza mukakoka mafuta, kenaka nkuzima. Pansi pa kabuleta pali kasikuluwu kotayira. Tsekani kampopi, masulani kasikuluwuko, petulo wa m'kambaleko atayikire m'kachitini, kenaka mumange ndi kutsegulanso kampopi. Vuto likapitirira, ndiye kuti timabowo ta m'kati totchedwa majeti tatsekeka. Timeneti muziuzira ndi mpweya wa pampu ya njinga. Osatokosa ndi singano kapena waya, popeza bowo likakula njinga imayamba kumwa petulo ngati ng'ombe ya ludzu, ndipo silibwereranso mwakale.

Fumbi ndi oilo

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mdani wamkulu ndi fumbi. Fumbi likalowa mu injini limasakanikirana ndi oilo nkumapala pisitoni ndi maring'i ngati mchenga wotsukira mapoto. Mlonda wa pakhomopo ndi sefa ya mpweya.

Ngati sefa yanu ndi ya siponji, ichapeni mu palafini kapena m'madzi a sopo, muifinye mosapotokola kuti isang'ambike, iume, kenaka muidontheze oilo pang'ono ndi kufinyanso. Oilo ameneyu ndiye amagwira fumbi. Ngati ndi ya pepala, osaichapa: igogodeni pang'ono, ndipo ikada kwambiri mugule ina. Ena amachotseratu sefa ati njinga ithamange. Imathamangadi miyezi ingapo, kenaka ndalama yonse ya fodya imathera kwa makaniko.

Injini ya 125 imalowa oilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo zambiri zilibe sefa yeniyeni ya oilo koma kaukonde kachitsulo. Oilo wochepa chotere amada msanga. Pa misewu yathu ya fumbi ndi nzeru kusintha pa makilomita 1,000 alionse, ndipo kaukonde kaja mukatsuke nthawi yomweyo. M'mawa uliwonse yang'anani muyezo wa oilo njinga itaima chilili pamalo osatsetsereka.

Posankha oilo, funani wolembedwa 4T. Oilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera kwambiri amene amachititsa kilatchi kuterereka, pakuti pa njinga kilatchi imasambira mu oilo yemweyo wa injini. Amene muli ndi DT125 kapena AG100 kumbukirani kuti injini zanu zimatentha oilo wa 2T pamodzi ndi petulo. Kathanki ka 2T kakauma, injini imagwirana pisitoni mwadzidzidzi muli pa liwiro.

Tcheni

Tcheni chimadandaula chisanaduke, kungoti eni ake samva. Chikayamba kulira ngati mbewa kapena kumenya chitsulo, chikupempha oilo ndi kukungidwa.

Pa njinga ya miyendo yaitali, tcheni chiyenera kusewera masentimita 3 mpaka 4 pakatikati, kapena monga lanenera buku la njinga yanu. Anyamata ambiri amakunga tcheni ngati ng'oma. Kumeneko nkulakwitsa. Njinga ikalowa m'dzenje itasenza matumba, tayala lakumbuyo limakwera ndipo tcheni chimakokeka. Ngati chilibe mpata chimawononga mabeling'i kapena kuduka kumene. Pokunga, onetsetsani kuti timizere ta mbali zonse ziwiri za tayala tafanana, kuti tayala lisapotoke.

Mukayenda m'matope, tsukani tcheni ndi palafini ndi kamswachi kakale, kenaka muthire oilo. Kachitsulo kotsekera jointi kaziyang'ana mbali yake yotseka kumene tcheni chikupita. Mano a sipuloketi akasongoka ndi kupindika ngati dzino la ng'ona, sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri pamodzi. Tcheni chatsopano pa mano akale sichikhalitsa.

Matayala, masipoko ndi mabuleki

Kuphulika kwa chubu sikuchitika ndi minga yokha. Mpweya ukachepa, tayala limatsetsereka pa limu nkukoka chubu mpaka valavu kuzuka. Mukaona valavu yapendekeka, phwetsani tayala muliwongole lisanakuchititseni manyazi. Mpweya wochepa umachititsanso kuti chubu chitsinidwe pakati pa limu ndi mwala, ndipo pamatsala timabowo tiwiri ngati polumidwa ndi njoka.

Masipoko agogodeni ndi sipanala mlungu uliwonse. Yomangika bwino imalira ngwee, yomasuka imangoti phu. Imodzi ikamasuka, zinzake zimasenza katundu wake nkuyamba kuthyoka motsatizana.

Mabuleki a m'chigubu amalowa madzi ndi matope. Mukangooloka mtsinje, yendani pang'onopang'ono mukupondaponda buleki mpaka aume, musanafike potsetsereka. Akayamba kulira chitsulo pa chitsulo, nsapato zake zatha. Musadikire mawa.

Njinga ikamira

Nyengo ya dzinja timitsinje timene timauma m'chilimwe timadzadza mwadzidzidzi. Ngati madzi akuthamanga, kapena simukuona pansi, dikirani. Kuthamanga sikufika.

Njinga ikagwera m'madzi nkuzima, musaponde kiki. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndipo akakhala pamwamba pa pisitoni akhoza kupinda chitsulo chimene chimaigwira. Ikankhireni kumtunda, chotsani pulagi, tayani madzi a m'bokosi la sefa ndi mu kabuleta, muimike njinga kuti madzi a m'paipi ya utsi atuluke. Kenaka pondani kiki kangapo pulagi ili yochotsa mpaka madzi asiye kutuluka pabowo. Mukatero yang'anani oilo. Akaoneka ngati mkaka, madzi alowa, ndipo ayenera kusinthidwa msanga, mwina kawiri.

Za kwa makaniko

Safunsa adadya phula. Pali ntchito zina zimene si za pansi pa mtengo wa mango. Injini ya 4T ikamatulutsa utsi wobiriwira, ikamagogoda m'kati, kapena kiki ikamangopita pansi mopanda mphamvu, pitani kwa makaniko wodziwa ntchito ku Massangulo, ku Mandimba kapena ku Cuamba. Chimodzimodzinso mavalavu a injini akafuna kuchunidwa, kapena miyendo yakutsogolo ikamadontha oilo, pakuti oilo ameneyo akafika pa buleki ngozi yayandikira. Pokagula zipangizo, kaya ku Mandimba kaya kutsidya kwa Chiponde, tengani chakale chija kuti mukafanizire.

Bungwe la Riders for Health, limene kuyambira zaka za m'ma 1990 lakhala likusamalira njinga za azaumoyo m'maiko monga Lesotho, Gambia ndi Malawi, lidamanga ntchito yake pa mfundo imodzi: kuona njinga tsiku ndi tsiku isanawonongeke, osati kudikira kuti ife. Woyendetsa amaona petulo, oilo, tcheni, manati ndi mabawuti, mabuleki ndi matayala asanatuluke pakhomo. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, yosalira ndalama.

M'kachikwama ka njinga musasowe pulagi yapadera ndi sipanala yake, jointi ya tcheni, zigamba ndi solushoni, pampu, zitsulo zochotsera tayala, waya wa kilatchi ndi tochi.

Pomaliza, a malume ndi achimwene oyendetsa, njinga yokonzedwa bwino siteteza mutu. Valani chipewa cholimba ndipo muchimange lamba. Mukanyamula amayi, onetsetsani kuti chitenje chapindidwa bwino kuti chisakodwe mu tcheni kapena m'masipoko, ndiponso mwendo wa mwana usagunde paipi ya utsi. Mvula ikadzagwa ndipo wina nkugogoda pakhomo panu usiku kupempha ulendo wa kuchipatala, zimene mudachita m'mawa uja nzimene zidzayankhe.