Belo ladula kale, musalole dzuwa ndi chinyezi zikudyereninso mpamba

Aliyense wogulitsa kaunjika akudziwa momwe mtengo wa belo wakwerera kuchokera pomwe ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika mumzinda wa Lilongwe anachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za mitengoyi. Zimenezo n'zoyenera kuzidandaula, koma pali ndalama ina yomwe ikutayika mwakachetechete pa benchi pathu pomwe, belo litatsegulidwa kale. Yendani mumsika wa Tsoka kapena wa Limbe cha m'ma 2 koloko masana, muone malaya akuda omwe apachikidwa kumzere wakutsogolo. Ambiri mapewa ake asanduka ofiirira pomwe kumusi kukadali kwakuda bii. Malaya otere kasitomala amangowatembenuza kamodzi n'kuwabwezera, kapena kutchula mtengo woti mwini katundu umangoseka chifukwa chosowa chonena.

Tiyerekeze kuti mwatsegula belo la malaya 200 ndipo mukugulitsa K6,000 amodzi. Ngati 30 okha asuluka kapena achita nkhungu n'kugulitsidwa pa K2,000, mwataya K120,000. Kwa ambiri aife phindu la belo lonse limakhala pomwepo.

Mdani wamkulu ndi dzuwa. Kuwala kwake kumaphwanya utoto wa nsalu pang'onopang'ono, ndipo zomwe zimayamba kuonekera ndi zakuda, zofiira ndi zabuluu woderako. Nsalu za nayiloni ndi silika sizingosuluka chabe, ulusi wake umafooka mpaka kumang'ambika ukangokoka pang'ono. Poliyesita amapirirako. Vuto n'loti chovala chokongola kwambiri ndi chomwe timachipachika kutsogolo kuti chiitane anthu, ndiye kuti katundu wodula ndi amene amapsa kwambiri. Sindikunena kuti mubise katundu wabwino. Koma chovala chisakhale pamalo amodzi kuposa masiku awiri. Sinthanitsani zakutsogolo ndi zakumbuyo, ndipo mbali yomwe dzuwa limawomba masana ikani zoyera ndi zowala, zakuda zikhale mumthunzi. Amene muli ndi shedi ya pulasitiki wakuda, dziwani kuti imateteza kudzuwa koma imasunga kutentha, choncho siyani mpata woti mphepo izidutsa.

Amayi ogulitsa zitenje, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Chitenje chikapindidwa n'kusanjikidwa, mbali yomwe imaonekera ndi mpindiro wokha. Pakatha masabata angapo, mukachitambasula mupeza mzere wotuwa wodutsa pakati, ndipo mzere umenewo suchoka ngakhale muchape motani. Wogula wa diso lakuthwa, makamaka amene akufuna kukasoketsa diresi ya ukwati kapena chinkhoswe, amayamba wafunyulula nsalu yonse. Njira yake n'kupindanso zitenje mwa mtundu wina sabata iliyonse, kuika chimodzi chokha cha mtundu uliwonse poonekera, zotsalazo n'kuzivundikira ndi nsalu yoyera.

Fumbi la mwezi wa Seputembala ndi Okutobala silifuna mawu ambiri. Kung'unthani katundu madzulo aliwonse musanamulongedze, chifukwa fumbi lofiira likalowa m'kolala n'kukumana ndi chinyezi limasanduka thimbiriro.

Tsono tifike pa chinyezi, pomwe ambiri amaluza zochuluka nthawi imodzi. Mvula ikayamba kuwaza, tonse timathamangira kukoleka katundu n'kuponya m'thumba. Palibe cholakwika. Cholakwika n'kufika kunyumba kapena kosungitsa katundu n'kusiya thumbalo lomanga mpaka m'mawa, kapena mpaka Lolemba ngati linali Loweruka. Chovala chimodzi chonyowa chimanyowetsa zinzake, ndipo nsalu za thonje zimachita nkhungu msanga kukakhala kotentha. Timadontho takuda tija timalowa mu ulusi weniweni. Pa choyera mutha kulimbana nato, koma pa chovala cha mtundu nthawi zambiri ndiye kuti chapita. Ine ndinaphunzira movutika chaka china pomwe ndinasungitsa matumba awiri a madiresi m'kanyumba kena ka pamsika kumapeto a sabata. Denga linkadontha pakona, matumbawo anali pansi pa simenti, ndipo Lolemba fungo lokha linandiuza zonse ndisanamasule n'komwe.

Choncho thumba lisagone pansi. Ikani matabwa kapena njerwa, ndipo lisatsamire khoma. Pansi pa simenti pamatuluka chinyezi ngakhale pakuoneka pouma, ndipo m'nyumba ya dothi pali chiswe chomwe chimaboola thumba usiku umodzi. Musasunge zovala pamodzi ndi chimanga, mtedza kapena usipa, chifukwa mukuitana makoswe ndi mphemvu, kuwonjezera pa fungo. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje musaiwale kuti chiperoni cha Juni ndi Julayi chimanyowetsa katundu popanda dontho la mvula looneka.

Majuzi ndi majekete otsala nyengo yozizira ikatha ndi chuma chogona. Wanzeru sawagulitsa motaya mu Ogasiti. Amasunga kudikira Meyi. Koma miyezi isanu ndi inayi ndi yaitali. Musanasunge onetsetsani kuti ndi oyera ndi ouma bwino, chifukwa njenjete zimakonda ubweya womwe uli ndi thukuta kapena zakudya. Apindeni, musawapachike, poti juzi ikalendewera imatalika n'kutuluka timanyanga m'mapewa. Kamodzi pamwezi, tsiku louma, atulutseni apitidwe mphepo. Ngati mukuikamo timibulu toyera tonunkha tija, tikulungeni m'kansalu ndipo tikhale kutali ndi ana chifukwa ndi poizoni. Mahang'ala a waya nawo amachita dzimbiri nyengo ya mvula n'kusiya mzere paphewa. Akulungeni ndi tinsanza.

Funso lomwe ndimafunsidwa kawirikawiri n'lakuti, kodi kaunjika tizichapa tisanagulitse? Maganizo anga ndi akuti osachapa zonse. Makasitomala ena amakhulupirira fungo la belo, amati ndi umboni woti chovalacho sichinavalidwepo kuno. Chapani zokhazo zomwe zili ndi dontho loti likachoka mtengo ukwera kawiri. Ndipo musanaviike m'madzi, werengani kansalu kakang'ono kosokedwa m'mbali mwa chovala. Kabeseni kolembedwa 30 kapena 40 kakunena kutentha kwa madzi. Kakakhala ndi dzanja, n'chochapa pamanja mosatikita. Chizindikiro cha makona atatu chothethedwa chikutanthauza kuti Jiki asayandikire. Pa kachithunzi ka simbi, kadontho kamodzi ndi moto wochepa wa madigiri 110, tiwiri 150, titatu 200. Kabwalo kozungulira n'ka zochapitsa kwa akatswiri, monga masuti. Imeneyo ingoipukutani ndi bulashi.

Jiki wawononga zovala zambiri kuposa dothi lomwe amachotsa. Amadya ubweya ndi silika, amapha lasitiki wa m'chiuno ndi wa majinzi otamuka, ndipo choyera cha poliyesita amachisandutsa chachikasu m'malo mochiyeretsa. Gwiritsani ntchito pa zoyera za thonje zokha, wosungunula m'madzi ambiri, ndipo musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira chifukwa mpweya wotulukapo umapweteka m'chifuwa. Madontho ambiri ali ndi mankhwala ake otsika mtengo. Magazi amafuna madzi ozizira. Otentha amawaphika n'kuwakhazikitsa. Mafuta amachoka ndi sopo wotsukira mbale wopakidwa chovala chisananyowe. Dzimbiri pa choyera, finyirani ndimu, thirani mchere, yanikani padzuwa kanthawi n'kutsukuluza. Za mchere woti chitenje chisasuluke, ambiri amalumbirira, koma ine ndimadalira madzi ozizira, sopo wamtanda, kusanyika nthawi yaitali ndi kuyanika pamthunzi chotembenuza.

Kusita kumakweza mtengo kuposa china chilichonse. Shati yomweyo ikakhala pamulu ndi ya mtengo wina, ikasitidwa n'kupachikidwa ndi ya mtengo winanso. Koma simbi ya makala ilibe poichepetsera moto. Yambani ndi majinzi ndi zathonje ikadali yotentha, zopepuka zibwere ikamazizira. Thalauza lakuda sitani kunsi kwake kapena yalani kansalu konyowa pamwamba, apo ayi limanyezimira m'mawondo ndi m'matako ngati lakalamba. Uzirani phulusa musanayambe, poti kakhala kamodzi kakagwera pa bulauzi ya nayiloni bowo lake silisokeka. Zovala za ana zomwe mwachapa n'kuyanika panja, makamaka pa udzu kapena pansi, zisiteni ndithu nyengo ya mvula: ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa nsalu zotere, ndipo moto wa simbi ndi womwe umawapha.

Pomaliza pali timavuto tomwe telala wapakhonde amathetsa m'mphindi zochepa: batani lothothoka, msoko womasuka m'khwapa, zipi yolimba. Zipi yambiri siinafe, imangofuna kupakidwa kandulo kapena sopo wouma m'mano mwake. Tsiku lotsegula belo patulani mulu wa zotere, mupite nazo kwa telala zonse pamodzi kuti mugwirizane mtengo wa mulu, osati wa chimodzichimodzi. Zomwe zalephereka kotheratu musataye musanachotse mabatani ndi zipi zake. Sungani m'kachitini, ndipo nsalu yotsalayo amakanika ndi otsuka magalimoto amagula ngati sanza zopukutira.