Akadaulo a poker a pathebulo athedwa nzelu pa intaneti

PA 4 November 2020, mu mzinda wa Las Vegas ku America, amuna awili anakhala moyang'anizana kuti aone kuti mwamuna ndani pa sewelo la makadi lochedwa poker. Mmodzi anali Daniel Negreanu wa ku Canada, wochuka kaamba ka luso lake lotha kuuza mnzake makadi amene wabisa pongomuyang'ana cabe. Wina anali Doug Polk wa ku America, amene anapangila dzina lake pa intaneti.

Awiliwa anapangana kuti makadi adzagawidwa maulendo 25,000. Maulendo 200 oyamba anasewela maso ndi maso, ndipo Negreanu ananyamuka pathebulopo atapata madola opitilila 100,000. Otsalawo anasewela pa intaneti, aliyense kwake, mathebulo awili nthawi imodzi. Pomwe mpikisanowu unatha mu February 2021, Negreanu anali ataluza madola pafupi-fupi 1.2 miliyoni.

Tinene mosabisa kuti maulendo 200 ndi ocepa, mwayi ungathe kukondela aliyense, ndiponso Polk anali kale katswili wa sewelo la anthu awili okha. Komabe nkhaniyi itionetsa vuto limene akadaulo ambili a pathebulo akumana nalo: luso limene linawalemeletsa silikwana lonse mu kompyuta.

Kwa awelengi athu amene sanaonepo sewelo limeneli, mtundu wofala kwambili ndi Texas Hold'em. Aliyense alandila makadi awili obisika, kenaka makadi asanu aikidwa pakati poonekela onse, anthu nkumabecha ndalama. Sikuti nthawi zonse amene ali ndi makadi abwino ndiye apambana ai. Munthu wopanda kanthu m'manja angathe kubecha ndalama zambili mwakuti mnzake acita mantha nkutaya makadi ake. Conco nchito yaikulu ndiyo kudziwa ngati mnzakoyo anena zoona kapena angokuopseza.

Apa ndiye pali cuma ca munthu wa pathebulo. Iye aona mmene dzanja la mnzake linjenjemela poika ndalama, mmene apumila, mmene amezela malovu, ngakhale mtsempha wa pakhosi. Aona amene wamwa mowa, amene wakwiya cifukwa waluza, ndi amene ayang'ana-yang'ana koloko kufuna kupita kunyumba. Amuyambitsa nkhani, namufunsa kumene acokela, osati kaamba ka cikondi koma kuti amve mmene mau atulukila. Zonsezi atsegula kompyuta nkupeza kulibe. Mdani wake ndi dzina lopeka ndi kacithunzi, ndipo sadziwa ngati ndi nkhalamba ya ku Brazil kapena mwana wa sukulu ya ukacenjede ku Sweden. Comwe catsala ndi kukula kwa ndalama imene wabecha ndi masekondi amene watenga poganiza, basi.

Koma kwa ife cimene cipweteka kwambili ndi liwilo. M'kasino munthu wogawa makadi acita kuwasakaniza ndi manja, ndipo pa ola limodzi agawa maulendo ngati 30. Pa intaneti thebulo limodzi lipitilila maulendo 60 pa ola, ndipo ozolowela atsegula mathebulo anai, asanu ndi atatu, ena kuposa apo. Tanthauzo lake ndi lakuti mnyamata wa pa intaneti aona m'miyezi yocepa zimene mdala wa pathebulo anaona m'zaka zambili. Ndiponso kacizolowezi koipa, monga kukakamila makadi ofooka cifukwa ca kutopa ndi kudikila, kamene m'kasino kamudyela ndalama pang'ono-pang'ono osazindikila, pa intaneti kabwelezedwa mazana-mazana usiku umodzi. Akati atsanzile anzake potsegula mathebulo ambili, apeza kuti akulu sananame ponena kuti mapanga awili avumbwitsa: kuno nthawi yatha, uko wadina batani lolakwika.

Ndalama nayonso isintha nkhope. Pathebulo munthu agwila ndi manja tundalama twa pulasitiki, ndipo tukatha afunika kuimilila, kupita kukagula twina anthu akumuona. Kanthawi kameneko kapatsa mtima mpata wozizila. Pa intaneti ndalama ndi manambala cabe, ndipo kuonjezela zina ndi nkhani ya masekondi. Gus Hansen wa ku Denmark anapambana katatu mipikisano ya World Poker Tour, napambananso Aussie Millions ku Melbourne mu 2007. Munthu yemweyo anataya madola opitilila 20 miliyoni pa Full Tilt Poker.

Nanga anzakewo amuposa bwanji popeza iwonso saona nkhope yake? Yankho ndi lakuti iwo awelenga mbili yake. Mapulogalamu monga PokerTracker ndi Hold'em Manager asunga ciliconse cimene munthu wacita, nkuonetsa kuti pa maulendo 100 alowa kangati, aonjeza ndalama kangati, athawa kangati akaopsezedwa. Makampani ena analetsa zida zotele, ena azilola. Kucokela ca m'ma 2015 kunabwelanso mapulogalamu monga PioSolver, amene awelengetsela kasewelo koyenela pa makadi alionse, ndipo acinyamata akhala maola ambili kuloweza mayankho ake. Mu 2017 pulogalamu yochedwa Libratus, ya pa yunivesite ya Carnegie Mellon, inagonjetsa akatswili anai pa maulendo 120,000. Negreanu yemwe anacita kupeza aphunzitsi a njila zatsopanozi pokonzekela kukumana ndi Polk.

Palinso nkhani ya kukhulupililana. Pathebulo wakuba aoneka, kapena makamela amugwila. Pa intaneti sudziwa ngati awili mwa adani ako auzana makadi pa foni. Mu 2007 osewela a pa Absolute Poker anatulukila kuti akaunti ina yochedwa Potripper inali kuona makadi obisika a anthu onse, ndipo caka cotsatila zofananazo zinaululika pa UltimateBet. Codabwitsa ndi cakuti amene anagwila akubawo anali osewela eni ake, pofufuza manambala aja amene a pathebulo awanyoza.

Mwina mufunsa kuti nanga apitilanji kumeneko? Sewelo la ndalama zeni-zeni pa intaneti linayamba mu 1998 ndi Planet Poker, ndipo linakula mwamphamvu mu 2003 pamene Chris Moneymaker, wowelengela ndalama wa ku Tennessee, anapata mpando wa World Series of Poker kudzela pa PokerStars, nakapambana madola 2.5 miliyoni. Caka cimeneco opikisana anali 839; pofika 2006 anali 8,773. Cikoka cake ndi cakuti sewelo lipezeka usana ndi usiku, pa ndalama yocepa, popanda ulendo. Ndipo mu 2020, makasino atatsekedwa cifukwa ca Covid-19, ngakhale World Series yomwe inasamukila pa intaneti, mwakuti amene anali kukana analowamo mokakamizika.

Kuno kwathu, amene anazolowela mathebulo a m'makasino a mu Lusaka akayesa pa foni apeza mdani wina amene anzake a ku Ulaya samuganizila kweni-kweni. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, makomboni ambili anali kukhala opanda malaiti kupitilila theka la tsiku, ndipo netiweki nayo inali kuvuta. Kompyuta ilibe cifundo pa zimenezi. Netiweki ikaduka pakati pa sewelo ikupatsa masekondi owelengeka, ndipo akatha makadi ako atayidwa, ngakhale akhale abwino motani, ndalama zonse zimene unaika pakati nkupita kwa mnzako.