Pansi pa matabwa pakamalira, yambani mwafufuza chinyezi ndi chiswe

BINDURA, Zimbabwe – M'tauni ya migodi ya Bindura, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, nyumba zina zakale zili ndi pansi pa matabwa. Tauniyi, yomwe inkatchedwa Kimberley Reefs mpaka 1913, inakula chifukwa cha golide komanso nikelo wa ku mgodi wa Trojan, ndipo inakopa antchito ambiri ochokera ku Malawi. Matabwa a m'nyumba zoterezi akakalamba amayamba kugwedera ndi kulira munthu akapondapo.

Gwero la vutoli ndi nyengo. Mvula ikamagwa, kuyambira Novembala mpaka Malichi, thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, ndipo m'chilimwe limauma n'kunyala. Zaka zikamapita misomali imakhwepa, ndipo phokoso limamveka thabwa likamakhulana ndi msomali kapena ndi thabwa linzake.

Kakonzedwe kamadalira mtundu wa pansipo. Ngati ali matabwa aatali okhomeredwa pa mitanda, mmisiri amayang'ana mzere wa misomali yakale kuti adziwe pamene pali mtanda, n'kumangapo msomali wamazinga, womwe suzuka msanga. Mitengo yolimba ngati mlombwa imafunika kuboola kaye kuti isang'ambike, ndipo m'pofunika kutsimikiza kuti kunsi kulibe paipi kapena waya wamagetsi. Pakati pa thabwa ndi mtanda pakakhala mpata, amaikapo kamtengo kosema kopaka guluu.

Ngati ali timatabwa tating'onoting'ono tomwe anamata ndi phula pa simenti, misomali ilibe ntchito. Kathabwa kogwedera amakachotsa, amapala phula lakale lomwe linauma, n'kukamatanso pa simenti youma bwino, kenako amakatsendereza ndi chinthu cholemera mpaka guluu atagwira.

Pauda wothiridwa m'mipata amachepetsa phokoso kwa kanthawi chabe.

Chachikulu ndi kuona ngati mtengowo udakali wamoyo. Thabwa lomveka ngati mphako akaligogoda, kapena tinjira tadothi pa mitanda, ndi chizindikiro cha chiswe. Pamenepo kukhoma sikuthandiza: mtanda wodyekawo uyenera kusinthidwa usanathyoke ndi kuvulaza munthu. Kutsegula timabowo tampweya ta m'munsi mwa khoma, kukonza mapaipi odontha, ndiponso kupewa kukolopa ndi madzi ambiri kumateteza pansipo kwa zaka zambiri.