MAWANGA A KUNKHOPE: DZIWANI GWERO LAKE MUSANADZOLE KANTHU

Pa tsiku la sikelo m'zipatala za m'mbali mwa nyanja, monga ku Chipoka, Lifuwu ndi Maganga m'boma la Salima, sipalephera kupezeka mayi wodandaula za mawanga akuda m'masaya kapena pamphumi. Ambiri amafika atayesa kale mafuta ogula pamsika, nkhope ikuwawa ngati yapsa ndi moto. Tisanakambe za kubisa mawanga, tiyenera kuyamba tadziwa chimene chawadzetsa.

Kodi mawanga amachokera kuti?

Choyamba ndi kusintha kwa m'thupi. Mayi akakhala ndi pakati, kapena akamamwa mapiritsi olera, khungu lake limapanga utoto wakuda wochuluka m'masaya monse awiri, pamphumi ndi pamwamba pa mlomo. Mawanga otere sapatsirana, ndipo kawirikawiri amazilala pang'onopang'ono mwana akabadwa. Dzuwa ndilo limawakuza. Kuno kunyanja limatiwomba kawiri: kuchokera kumwamba, ndiponso ponyezimira pamadzi ndi pamchenga. Amayi oyanika usipa ndi olima mpunga amalidziwa bwino dzuwali.

Chachiwiri ndi ziphuphu ndi zilonda. Khungu lakuda likatupa kapena kukandidwa, pamalopo pamatsala banga limene lingathe miyezi yambiri lisanachoke.

Chachitatu ndi kuperewera kwa chakudya. Wodya nsima ya chimanga popanda ndiwo zokwanira angadwale pelagra: khungu la kunkhope, m'khosi ndi kuseri kwa manja limada ndi kukhakhala, ndipo nthawi zina amatsegula m'mimba. M'chaka cha 1990 nthendayi inagwira anthu zikwizikwi pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'dziko muno. Mtedza, nsomba ndi nyemba zimaiteteza, ndipo kuchipatala kuli mapiritsi ake.

Palinso banga lina loti tichenjere nalo. Ngati ndi lotuwa kapena lofiirira, losayabwa, ndipo mukalikhudza ndi thonje simukumva kanthu, musalibise ndi zodzola. Likhoza kukhala chiyambi cha khate. Khate limachizika ndi mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12, ndipo wofulumira kuchipatala sapunduka.

Kuopsa kwa mafuta oyeretsa khungu

Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi mankhwala atatu oopsa. Hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali amadetsa nkhope koposa kale, ndipo kuda kwake n'kovuta kuchiza. Madokotala a ku South Africa analongosola vutoli m'chaka cha 1975, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa mankhwalawa m'zodzoladzola. Mercury amalowa m'magazi, nawononga impso ndi mitsempha, ngakhalenso mwana amene ali m'mimba. Mankhwala a steroid, monga betamethasone ndi clobetasol, amapepukitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera, ndipo amabweretsa ziphuphu zambiri. Poyamba nkhope imaoneka yosalala, koma ukatsekemera ukhale pansi: mathero ake ndi misozi.

Zoyenera kuchita

1. Valani chipewa cha mlaza chotambalala, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 3 koloko masana. Poyembekeza ngalawa kapena pogulitsa nsomba, khalani pamthunzi.

2. Amene angathe agule mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Okhala ndi zinc oxide ndiwo sawawa msanga pakhungu losachedwa kuyabwa.

3. Sambani kunkhope ndi madzi oyera ndi sopo wosanunkhira, pogwiritsa ntchito manja okha. Musakhule ndi mwala, mchenga kapena chinkhupule, ndipo musasambire sopo wa ufa wochapira zovala.

4. Musapake mandimu, phulusa, soda kapena mankhwala otsukira mano. Zimenezi zimawotcha khungu, banga n'kuderako.

5. Musafinye ziphuphu.

6. Ngati mukuganizira mapiritsi olera, musawasiye panokha. Kambiranani ndi anamwino za njira ina.

Kubisa mawanga

Palibe cholakwa kufuna kuoneka bwino pa ukwati kapena pa msonkhano. Sankhani paudala wofanana ndi khungu lanu, osati woyera kuposa inu, chifukwa woyera ndiye amaonetsa banga. Musanadzole kunkhope, pakani pang'ono kuseri kwa khutu ndi kudikira masiku 2. Pakafiira kapena kuyabwa, mulekeni. Musapake pa chilonda, musabwerekane kansalu kopakira, ndipo sambani musanagone.

Pitani liti kuchipatala?

Pitani ngati banga likukula, likutuluka magazi, lachita dzanzi, kapena ngati mwadzola mafuta oyeretsa kwa nthawi yaitali. Tengani botolo lake kuti achipatala awerenge zimene zalembedwapo, pakuti mankhwala ena safuna kusiyidwa mwadzidzidzi. Akaona kuti n'kofunika, adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Salima, kapena kwa madokotala a khungu ku Kamuzu Central Hospital mu Lilongwe.

Mawanga amazilala pa miyezi, osati pa masiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khungu lakuda si nthenda yofuna mankhwala. Lisamaleni, ndipo uzani anzanu zimene mwawerengazi.