Sikolashipu za digiri yachiwiri zilipo, koma uthenga wake sukufika kwathu ku Ntcheu

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapita kumudzi, chakumtunda kwa Tsangano, ndipo ndinapeza achemwali anga, mwana wa amayi aakulu, ali m'munda wa kachewere akupopera mankhwala a chiwawu. Iwowa ndi mphunzitsi wa Agriculture pa sukulu ina ya CDSS m'dera lomwelo. Digiri yawo anakhoza bwino kundiposa ine, ndipo pakhomo ponse akudziwa zimenezo.

Titakhala pansi kuti apumeko, ndinawaonetsa pa foni chilengezo cha sikolashipu ya masters ya zaulimi chomwe wina anaponya pa gulupu ya WhatsApp ya anzanga a ku koleji. Kumunsi kwake kunali mawu aja timawaona nthawi zonse, olimbikitsa amayi ndi anthu ochokera m'mabanja osauka kuti afunsire nawo. Kunatsala masiku 9 kuti atseke. Ankafuna pasipoti, transcript, makalata awiri ochokera kwa malekichara, ndi ndondomeko ya kafukufuku yemwe munthu akufuna kukachita.

Achemwali anaseka. “Aaa, iwe, zimenezo n'za ana a mabwana. Ife tinathera pompa.” Anabweza foni, n'kunyamula sipuleya. Atayenda pang'ono anatembenuka: “Komatu ukanandiuza mu Okutobala, bwenzi nditayesako.”

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa uthengawo ndinauonadi mu Okutobala. Ndinangoudutsa ngati momwe timadutsira mavidiyo oseketsa.

Tinakangana za khomo loyamba, lachiwiri tinaliiwala

Nkhani ya yemwe ayenera kulowa ku yunivesite si yachilendo kuno kwathu. Ndondomeko ya kota inayamba mu 1987, khothi linaikana mu 1993, inabweranso mu 2009 mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo boma linaithetsa mu 2020. Pa ulendo wachiwiriwu boma lililonse, kuphatikizapo Ntcheu, linkapatsidwa kaye malo 10 otsimikizika. Ena ankati ikuthandiza maboma otsalira, ena, makamaka a kumpoto, ankati ikupondereza ana okhoza bwino. Mkangano wake mpaka lero ukayambika pa Facebook sutha msanga.

Koma kota inkayang'ana boma lomwe munthu akuchokera, osati sukulu yomwe waphunzira. Mwana wa ku Ntcheu wokulira ku Area 47 ku Lilongwe ndi mwana wa ku Kasinje wophunzira pa CDSS yopanda labu, onse ankawerengedwa kuti ndi a Ntcheu. Ma CDSS, omwe anakhazikitsidwa mu 1998 kuchokera ku masukulu akale a MCDE, ndiwo amaphunzitsa ana ambiri a sekondale m'dziko muno, komabe ndi ochepa mwa iwo amene amasankhidwa kupita ku mayunivesite a boma.

Tsono ganizirani wochepa uja amene wapyola, wapeza digiri ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, Mzuni, MUST kapena KUHeS. Pa digiri yoyamba pali NCHE yoyendetsa masankho, palinso bungwe la ngongole za ophunzira lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Pa digiri yachiwiri palibe mndandanda womwe dzina lako lidzatulukire pa wailesi. Uyenera kudzifunira wekha, ndipo amapeza ndi amene akudziwa kofunira.

Mwayi womwe ulipo

Chodabwitsa n'choti mabungwe ambiri opereka sikolashipu amafunadi anthu ngati achemwali angawa. Mastercard Foundation Scholars Program, yomwe inayamba mu 2012, inakhazikitsidwira achinyamata a mu Africa anzeru koma osowa, ndipo imaika patsogolo atsikana, anthu aulumali ndi othawa kwawo, monga abale athu a ku Dzaleka. Imagwira ntchito ndi mayunivesite monga Pretoria, Cape Town, Makerere ndi Edinburgh. Beit Trust imapereka sikolashipu za digiri yachiwiri kwa anthu a maiko atatu okha: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Mandela Rhodes imatengera achinyamata a mu Africa ku mayunivesite a ku South Africa. Chevening, ya boma la Britain, imalipira masters ya chaka chimodzi, imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo ukamaliza uyenera kubwerera kwanu. Zaka ziwiri zophunzitsa pa CDSS ndi ntchito ndithu, zimawerengedwa.

Si zonse za kunja ayi. Kudzera mu pulojekiti ya World Bank ya ACE II, yomwe inayamba mu 2016, ku Bunda kunakhazikitsidwa AquaFish ya maphunziro a nsomba, ndipo ku College of Medicine, komwe lero ndi KUHeS, kunabwera ACEPHEM ya zaumoyo wa anthu ndi mankhwala a zitsamba. RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa womwe likulu lake lili ku Kampala, wathandiza ambiri kuchita masters ya zaulimi.

Ngakhale lamulo lili mbali yawo. Gender Equality Act ya 2013 imati m'masukulu a ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse.

Nanga chimatsekereza n'chiyani?

Choyamba ndi uthenga. Zilengezo zimayenda pa LinkedIn, pa imelo za m'maofesi ndi m'magulupu a anthu a m'tauni. Mphunzitsi wa ku Tsangano amene amakwera pachulu kuti netiweki igwire amamva zinthu zitatha kale.

Chachiwiri ndi ndalama yomwe umawononga usanapeze kalikonse: pasipoti, transcript, bandulo ya intaneti, thiransipoti yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo ena amafunanso mayeso a Chingerezi a IELTS omwe si otchipa. Mwana woyamba kupeza digiri m'banja malipiro ake amakhala atagawidwa kale: fizi ya ang'ono ake, feteleza wa amayi, mankhwala a agogo.

Chachitatu ndi makalata a malekichara. Ambiri ochokera ku CDSS tinkakhala kumbuyo m'kalasi, tikuchita manyazi ndi Chingerezi chathu. Patapita zaka zinayi, ukalembera lekichara kuti akuchitire umboni, akukumbuka ngati ndani?

Chachinayi ndi chomwe achemwali ananena chija, kuti n'za ana a mabwana. Ngati m'mudzi mwanu simunaonepo munthu wa masters, ndiye kuti ngakhale m'maloto sizibwera. Kwa mkazi pamawonjezekera mafunso ena: mwana asiyira ndani, apongozi ati chiyani, ukwati ulimba?

Anthu otere umachita kuwatsata

Ku America anazindikira kalekale kuti kungolemba mawu olimbikitsa kumunsi kwa chilengezo sikubweretsa munthu. Ali ndi pulogalamu ya McNair, yotchedwa dzina la Ronald McNair, wasayansi wachikuda amene anafa pa ngozi ya chombo cha Challenger mu 1986. Imatenga ophunzira osauka, oyamba m'banja mwawo kulowa koleji, akadali pa digiri yoyamba, n'kuwapatsa mlangizi, kuwaphunzitsa kafukufuku ndi kalembedwe ka mafomu, kuti adzafike pa PhD. Sadikira kuti munthu abwere yekha.

Mayunivesite athu angatengerepo phunziro. Lekichara aliyense amadziwa ophunzira awiri kapena atatu akhama koma ofatsa m'chaka chomaliza. Kuwaitana n'kuwauza kuti “iwe ungathe masters” sikufuna bajeti. Zilengezo zikhoza kudutsiranso m'maofesi a zamaphunziro ndi zaulimi a m'maboma, m'mipingo ndi pa wailesi za m'madera, chifukwa kumeneko ndi komwe kuli aphunzitsi, alangizi ndi anamwino omwe ali ndi madigiri.

Wina afunsa kuti, bola aphunzire ndi Mmalawi, zilinso ndi kanthu kuti wachokera kuti? Zili nako. Amene amachita masters ndi PhD ndiwo amasankha mafunso oti afufuzidwe, ndiwo amadzakhala malekichara ndi olemba ndondomeko za boma. Achemwali anga chiwawu amachidziwa kuyambira ali mwana, amadziwa mtengo womwe mavenda amagulira thumba la kachewere pa Tsangano Turn-off ndi pa Lizulu, amadziwanso chifukwa chake alimi amangobzala mbewu yobwereza. Munthu wotere akasowa m'kalasi la kafukufuku, mafunso amenewa amasowanso.

Mbali yathu ife a mafoni

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Inu amene mukuwerenga izi pa foni, mwina ndinu nokha m'banja mwanu amene mumaona zilengezozi. Musangoponya linki pa gulupu ya banja n'kukhala chete. Sankhani munthu mmodzi, muimbireni, mumuuze kuti izi zikukukhudza iwe. Muuzeni atenge transcript ndi pasipoti padakali pano, chilengezo chisanatuluke, chifukwa zambiri zimabwera nyengo yofanana chaka ndi chaka. Alembere lekichara wake wakale lero, adzikumbutse, afotokoze zomwe akuchita. Muwerengereni zomwe walemba. Ndipo mumuchenjeze kuti akalandira uthenga woti wapambana sikolashipu yomwe sanafunsire, koma atumize kaye ndalama pa foni, adziwe kuti ndi akuba.

Ine ndinayamba ndi kupepesa. Mu Januwale achemwali anaitanitsa transcript yawo, ndipo ndalama ya pasipoti tikusonkherana pang'onopang'ono ndi amalume. Loweruka lililonse madzulo amakwera pachulu chija n'kunditumizira ndime imodzi ya ndondomeko yawo, yokhudza chiwawu ndi mbewu ya kachewere ku Tsangano. Sabata yatha anandiimbira: “Iwe, ndime yachitatu ija waiona? Usandinamize, ngati ili yofoira unene.”

Inali yofoiradi pang'ono, ndipo ndinanena. Aikonza kale, Loweruka likubwerali tikuyamba yachinayi.