Kalebe Anapempha Phiri Ali ndi Zaka 85

Mwezi watha titaweruka ku mapemphero, bambo ena anandikokera pambali. Anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ana onse ali pa mabanja awo. Akuti, "Abusa, kukacha ndimangokhala pakhonde kudikira nsima ya masana. Kodi Mulungu anathana nane?" Sindinawayankhe msanga, poti nanenso imvi zandiyamba, ndipo funso limeneli limandipeza usiku.

Tiyeni titsegule Yoswa mutu 14. Kalebe anali ndi zaka 40 pamene Mose anamutuma kuchokera ku Kadesi kukazonda dziko la Kanani. Anapita amuna 12. Khumi anabwerako ndi mantha, Kalebe ndi Yoswa okha ndi amene anati tiyeni tikalowe. Tsono tamverani apa: chifukwa cha mantha a anzake, Kalebe anazungulira nawo m'chipululu mpaka zinakwana zaka 40. Iye sanalakwe kanthu, koma anayenda nawo, nʼkumaona amsinkhu wake akutha mmodzimmodzi. Mwina inunso mayi, zaka zanu za mphamvu zinathera kulera ana a malemu achemwali anu, kapena kudwazika matenda, ndiye mumati zinapita pachabe. Kalebe sanawerenge choncho ayi. Atayangʼana mʼmbuyo zaka 45, anaona kuti ndi Yehova amene anamusunga ndi moyo, ndipo ngati anamusunga, ndiye kuti panali ntchito yomudikira.

Ali ndi zaka 85 anapita kwa Yoswa ku Giligala. Kunena zoona, ndikanakhala ine ndikanapempha kadimba mʼmbali mwa mtsinje, pamthunzi pabwino. Koma mkuluyu anapempha dziko la mapiri la Hebroni, kumene kunkakhala Aanaki, ziphona zomwe zija zinawanjenjemeretsa anzake. Mutu 15 ukutiuza kuti anathamangitsako ana atatu a Anaki. Ntchito imene inaima iye ali ndi zaka 40, anakaimaliza ali nkhalamba. Aleluya! Mwaona kuti sanachite kufunafuna cholinga chatsopano? Anabwerera ku chinthu chakale chimene chinkamuyaka mumtima.

Ndiye ndinawafunsa bambo aja kuti, "Nʼchiyani chimene chinkakuwawani mumtima muli pa ntchito, koma fizi ya ana ndi lendi sizinakupatseni mpata?" Anakhala chete nthawi ndithu. Kenako anati, "Mʼmudzi mwathu muli ana amene amafika Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga. Mʼkalasi anali ochuluka, sindinkatha kukhala ndi mmodzimmodzi." Ndinati, "Bambo, Hebroni wanu ndi ameneyo."

Mawondo amawavutabe, penshoni ndi yomwe ija yosakwanira, zimenezo sizinasinthe. Koma Lolemba lapitali anandiimbira foni kuti ayamba ndi ana 6 pansi pa mtengo wa mango, ndipo amapempha ngati tingawabwereke bolodi ya Sande sukulu mkati mwa sabata. Akulu a mpingo avomera, koma choko akuti azigula okha.