KUBA MAU PA NTHAWI YA MASANKHO

Munthu akaba njinga pa komboni, mlandu wace sucedwa kuweruza, pakuti njinga iri ndi nambala ndipo mwini wace aidziwa. Koma pali kuba kwina kumene wobedwa sasowa kanthu m'nyumba mwace, ndiko kuba mau. Pa nthawi ya masankho, pamene ofuna mipando ayendayenda kulankhula kwa makamu a anthu, mlandu wotere umabuka kawirikawiri. Mlandu umodzi unagwetsa munthu amene anafuna kukhala mtsogoleri wa dziko la America, ndipo gwero lace linali nkhani ya anchito a m'migodi.

Poyamba kuyenera kudziwika kuti akuru a ndale ambiri sadzilembera okha mau amene amanena pa misonkhano. Wofuna mpando angathe kulankhula kangapo pa tsiku limodzi, cotero amakhala ndi alembi omkonzera mau. Ici si cobisika, ndiponso si colakwa. Ngakhale kubwereka nzeru ya wina si colakwa ngati wobwerekayo achula mwini wace. Pa bwalo la milandu kumudzi, nkhoswe ikafuna kuponya mwambi imayamba ndi kuti, "Akuru anati," ndipo onse adziwa kuti nzeruyo si yace. Kuba kumayamba pamene mwini mau abisidwa.

M'mwezi wa May caka ca 1987, Bambo Neil Kinnock, mtsogoleri wa cipani ca Labour ku Britain, analankhula pa msonkhano ku Wales, kwao kwa migodi ya malasha. Atate ace anagwirapo nchito pansi pa mgodi. Iye anafunsa cifukwa cace anali woyamba pa mbumba yao yonse kufika ku yunivesiti. Kodi makolo ace anali opanda nzeru? Kodi anali ofooka, anthu amene anagwira nchito maola 8 pansi pa nthaka, naturuka kukachaya mpira? Anayankha yekha kuti iai, koma analibe poponda kuti akwere. Mau amenewa anakhudza mitima ya anthu ambiri, ndipo cipani cace cinawaonetsa pa wailesi ya kanema.

Tsono pa 23 August caka comweco, ku Iowa m'dziko la America, Bambo Joe Biden, amene anali kupempha cipani ca Democratic kuti cimsankhe kuimira upulezidenti, anafunsa mafunso omwewo. Ananena kuti maganizowo anamfikira panjira pobwera ku msonkhano. Anadzicha woyamba pa banja lao kufika ku yunivesiti, nasimba za makolo ace okumba malasha ku Pennsylvania, amene anaturuka m'mgodi atagwira maola 12 nacita masewera a mpira. Pa misonkhano yina anali kumchula Kinnock, koma tsiku limenelo sanamchule.

Anthu a mnzace wopikisana naye, Bambo Michael Dukakis, analumikiza mau a anthu awiriwa pa tepi imodzi napatsa olemba nyuzi. Pa 12 September nyuzipepa ya New York Times inaturutsa nkhaniyo. Pamenepo olemba nyuzi anayamba kufukula zina: anapeza mau a Robert Kennedy m'zolankhula zace, ndiponso kuti ali pa sukulu ya malamulo anakoperapo masamba a wina. Pa 23 September Bambo Biden analeka mpikisanowo. Nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka.

Cimene cinawawa anthu koposa si kufanana kwa mau ai, koma kubwereka moyo wa mwini. Atate a Biden anali wogulitsa magalimoto, ndipo kholo lace lodziwika pa za migodi, ambuye a amai ace, linali injiniya. Wanchito ali yense wa ku Nkana kapena ku Mufulira adziwa kusiyana kwa munthu wojambula mapulani ndi munthu woboola mwala m'kutentha kwa pansi. Wofuna mpando akanena kuti, "Ndiri mmodzi wa inu," ali kupempha cikhulupiriro. Ndipo cikapezeka kuti thukuta limene acitira umboni ndi la wina, cikhulupiriro conse cimagwa pamodzi.

Pa milandu yina yotere, mtolo umagwera mlembi. M'caka ca 2008, pakati pa masankho a ku Canada, cipani cotsutsa cinaonetsa kuti mau amene Bambo Stephen Harper ananena m'caka ca 2003 pa za nkhondo ya ku Iraq anali ofanana ndi a Bambo John Howard, nduna yaikuru ya Australia. Mlembi wace, Owen Lippert, anabvomera nasiya nchito, koma Harper anapambana masankho. M'mwezi wa July 2016, Mai Melania Trump, polimbikitsa amuna ao pa msonkhano wa cipani ca Republican, ananena mau ofanana ndi amene Mai Michelle Obama ananena m'caka ca 2008. Mlembi Meredith McIver anasenza colakwaco napempha kusiya nchito, koma Bambo Trump anakana. Ngakhale muno m'Africa zinacitika: pa 7 January 2017, Pulezidenti Nana Akufo-Addo wa ku Ghana, polumbira, ananena mau a Bill Clinton ndi George W. Bush osawachula, ndipo wopepesa anali mkuru wa zofalitsa nkhani wa mu ofesi yace.

Kodi mau a wina amalowa bwanji m'pepala la mlembi? Njira zace nzodziwika. Mlembi amawerenga zolankhula za akuru ena pofuna citsanzo, nalemba mizere yomkondweretsa pambali. Pofulumira, mizereyo imalowa m'pepala lomariza dzina la mwini litatsala. McIver anafotokoza kuti Mai Trump anamwerengera mau a Mai Obama pa lamya, iye nawalemba osakafufuzanso. Ndipo amene amavumbulutsa nkhani yotere nthawi zambiri ndi adani a pa ndale, cifukwa cace mlandu wa Harper unadikira zaka 5 kufikira nyengo ya masankho. Koma njira imeneyi iri ndi minga yace: John Sasso, amene anatumiza tepi ija ya Biden, anataya nchito yace mwezi womwewo.

Cotero womvera wanzeru akamva mlandu wotere ayenera kufunsa zinthu zitatu. Kodi cobwerekedwa ndi mwambi wa anthu onse, kapena ndi mbiri ya munthu mmodzi? Kodi wolankhulayo anabvomera yekha, kapena anakankhira kalaliki wace patsogolo? Ndipo kodi lonjezo liri m'mauwo alikhulupirira, kapena analiwerenga koyamba ataimirira kale pamaso pa anthu? Pakuti pa pepala la voti palibe dzina la mlembi.

Bambo Biden anadikira zaka 33 kufikira anasankhidwa Pulezidenti m'caka ca 2020. Bambo Kinnock sanakhale konse nduna yaikuru ya Britain, koma sanasunge mangawa. Iye mwini anasimba kuti atakomana patapita zaka, Biden anamuonetsa kwa anchito ace moseka, namucha mlembi wace woposa onse.